Vimal Govind ndi Loboti Yotsikira M'maenje a Suweji

Munthu wa m'tauni akagejemula chimbudzi kapena kutaya madzi otsukira mbale, saganizanso za kumene zonyansazo zapita. Zimatsika m'mapaipi a nyumba yake n'kukakumana ndi za anzake m'mipope ikuluikulu ya suweji yodutsa pansi pa misewu. Apo ndi apo pamsewupo pamakhala chivundikiro chachitsulo, ndipo pansi pake pali dzenje lofika kumipopeyo. Mchenga, matope, mapulasitiki ndi nsanza zikaunjikana m'dzenjemo, njira imatsekeka, zonyansa n'kusefukira mumsewu ndi m'makomo mwa anthu. Zikatero pamafunika wina woti akatsegule.

Ku India, kwa zaka zambirimbiri, wotsegulayo wakhala munthu wovula malaya, womangidwa chingwe m'chiuno, wotsika ndi chidebe ndi kafosholo m'manja. Ambiri atsikamo osabwerako amoyo. Nkhani ino ikunena za injiniya wachinyamata wa m'chigawo cha Kerala, Vimal Govind MK, ndi anzake atatu, amene anapanga loboti yotchedwa Bandicoot kuti izitsika m'dzenjemo m'malo mwa munthu. Luso la manja anali nalo kale, koma chimene chinawachititsa kukhala anthu oyenera kuwalemba m'buku ndi malo amene anasankha kuti lusolo likagwire ntchito.

Anyamata a ku Kuttippuram

Kerala ndi chigawo chopyapyala cha m'mphepete mwa nyanja, kummwera chakumadzulo kwa India. Anthu ake amalankhula Chimalayalam, ndipo amadziwika ndi kukonda sukulu: pa kalembera wa mu 2011, anthu pafupifupi 94 pa 100 alionse kumeneko ankadziwa kulemba ndi kuwerenga, kuposa chigawo china chilichonse m'dzikomo. M'boma la Malappuram, m'mbali mwa mtsinje wa Bharathappuzha, muli tauni yaing'ono ya Kuttippuram, ndipo kumeneko kuli sukulu ya zauinjiniya ya MES College of Engineering. Si imodzi mwa sukulu zotchuka za IIT zimene mwana aliyense wanzeru wa ku India amalota kupitako. Ndi koleji wamba ya kuchigawo, ndipo n'kumene Vimal Govind anakumana ndi Arun George, Nikhil NP ndi Rashid K.

Anyamatawa ankakonda maloboti a m'mafilimu. Ali pasukulu pomwepo, cha m'ma 2015, anapanga chovala chachitsulo chachikulu, chotalika mamita atatu kapena kuposerapo, chimene munthu amalowamo n'kumachiyendetsa ndi manja ndi miyendo yake. Munthuyo akakweza mkono, mkono wachitsulo umakwera nawo, koma ndi mphamvu zoposa zake. Maganizo awo anali oti chovala chotere chingathandize asilikali kunyamula katundu wolemera kumalo kumene galimoto sizifika. Anthu anachita nacho chidwi, manyuzipepala anachijambula n'kumachitcha chovala cha Iron Man, ndipo ntchito yawoyo inakaonetsedwa pamsonkhano wa akatswiri ku Singapore.

Komabe kutama kwa anthu sikugula zitsulo. Sukulu itatha, ndalama zopitirizira zinasowa, ndipo gululo linabalalika, aliyense n'kukalowa ntchito yolembedwa pakampani. Pofika apa nkhani yawo inali yofanana ndi ya ophunzira ena ambiri aluso: chinthu chodabwitsa chopangidwa m'chaka chomaliza cha sukulu, kenaka fumbi n'kuchikwirira m'chipinda chosungira katundu.

Imfa zitatu ku Kozhikode

Mu Novembala 2015, mumzinda wa Kozhikode m'chigawo chomwecho, amuna awiri ochokera ku Andhra Pradesh anatumidwa kukagwira ntchito m'dzenje la suweji pakati pa tauni. Woyamba atatsika anakomoka. Wachiwiri anamutsatira, nayenso n'kugwera momwemo. Bambo wina woyendetsa njinga yamoto ya matayala atatu yonyamula anthu, amene anali pafupi akudikira tiyi, anamva kukuwa n'kuthamangirako. Anthu anayesa kumuletsa, koma iye anatsika kuti akapulumutse alendo amene sankawadziwa n'komwe. Onse atatu anafera m'dzenjemo. Kerala yense anagwidwa ndi chisoni komanso manyazi.

Kuti timvetse chifukwa chake wopulumutsa amafa limodzi ndi wopulumutsidwa, tiyenera kudziwa zimene zimachitika m'dzenje lotsekedwa. Tizilombo tosaoneka ndi maso timadya zonyansa, ndipo podya timamaliza mpweya wa okosijeni n'kutulutsa mipweya ina. Mpweya umene timapuma panja uli ndi okosijeni magawo 21 pa 100, koma m'dzenje la suweji akhoza kuchepa kwambiri moti munthu amakomoka asanazindikire kuti akubanika. Muli mpweya wa methane, umene umayaka ndiponso kuphulika ukakumana ndi moto ngakhale wochepa. Muli ammonia, wowotcha maso ndi kummero. Woopsa kuposa yonse ndi hydrogen sulphide. Ukakhala wochepa umanunkha ngati dzira lovunda, koma ukachuluka umapha mphamvu ya mphuno, ndiye munthu amaganiza kuti fungo latha pamene ngozi yafika pachimake. Ndi wolemera kuposa mpweya wamba, choncho umakhazikika pansi penipeni pa dzenje, pamene wogwira ntchito amaweramira. Ukafika pa gawo limodzi pa magawo 1,000 a mpweya, munthu amagwa atangopuma kamodzi kapena kawiri. Amene ali pamwamba saona chilichonse choopsa. Amangoona mnzawo wagwa, ndipo chifundo chimawatsitsira mu imfa yomweyo.

Amene apulumuka ku mpweya amakumana ndi zina: matenda a pakhungu, a chiwindi, a m'mapapo, taifodi, ndi nthenda ya leptospirosis yofala kudzera mu mkodzo wa makoswe. Ambiri amamwa mowa asanatsike kuti apirire fungo, ndipo mowawo umawonjezera kufooketsa thupi lomwe latopa kale.

Ntchito yobadwa nayo

Ku India si munthu aliyense wosauka amene amatsika m'dzenje la suweji. Kwa zaka mazanamazana anthu a kumeneko akhala ogawidwa m'magulu otengera kubadwa, ndipo gulu limene munthu wabadwiramo linkamuuza ntchito yoti agwire, munthu woti akwatirane naye ngakhalenso chitsime choti atungepo madzi. Pansi pa magulu onse anaikapo anthu amene ankawaona ngati odetsedwa, osayenera kuwakhudza. Masiku ano anthuwa amadzitchula kuti Dalit. Ndipo pakati pa a Dalit omwewo, mabanja opala zimbudzi ndi amene anaikidwa kumapeto kwenikweni. Amayi ankapala chimbudzi cha anthu ena ndi manja n'kuchisenza pamutu m'dengu. Mizinda itakhala ndi suweji, abambo a mabanja omwewo ndiwo anatumizidwa m'maenje.

Malamulo oletsa zimenezi alipo, ndipo si a dzulo. Malamulo oyendetsera dziko la India, amene anayamba kugwira ntchito mu 1950, analembedwa ndi komiti yotsogoleredwa ndi B. R. Ambedkar, yemwenso anali m'Dalit, ndipo gawo 17 la malamulowo linathetsa mchitidwe wosala anthu monga osayenera kukhudzidwa. Mu 1993 Nyumba ya Malamulo inaletsa kulemba munthu ntchito yopala zimbudzi ndi manja. Mu 2013 inakhazikitsa lamulo lina lamphamvu, loletsanso kutsitsa munthu mu suweji kapena m'thanki ya chimbudzi popanda zodzitetezera. Koma lamulo lolembedwa papepala silitsegula paipi yotsekeka. Makhonsolo ankapereka ntchito kwa makontrakitala, makontrakitala n'kulemba aganyu, ndipo waganyu akafa panalibe wovomera kuti ndiye anamutuma.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene anamenya nkhondo yolimba pa nkhaniyi ndi ana a mabanja omwewo. Bezwada Wilson anabadwa mu 1966 ku Kolar Gold Fields m'chigawo cha Karnataka, m'banja la opala zimbudzi za m'migodi ya golide. Iye ndi anzake anayambitsa gulu la Safai Karamchari Andolan, limene linayenda m'dziko lonse kusonkhanitsa umboni wa zinthu zimene maboma ankakana kuti zikuchitika, n'kukazitula kukhoti. Mu Malichi 2014 Khoti Lalikulu la India linalamula kuti banja la aliyense amene anafera mu suweji kuyambira mu 1993 lipatsidwe chipukuta misozi cha ma rupee 1 miliyoni. Kuyambira mu Disembala 2015 mpaka mu Epulo 2016 gululi linachita ulendo wa masiku 125 wozungulira dziko, wotchedwa Bhim Yatra, kuuza boma kuti lileke kuwapha. Chaka chomwecho cha 2016 Wilson analandira mphoto ya Ramon Magsaysay, imodzi mwa mphoto zolemekezeka kwambiri ku Asia.

Kafukufuku wa boma wa mu 2013 ndi 2018 anapeza anthu 58,098 ogwira ntchito yopala zonyansa ndi manja, ndipo mwa amene gulu lawo lobadwira linadziwika, pafupifupi 97 pa 100 alionse anali a Dalit. Omenyera ufulu amanena kuti chiwerengero chenicheni n'choposa pamenepo kutalitali. Uwu ndiwo mtolo umene anyamata a ku Kuttippuram anaupeza atayang'ana m'dzenje.

Kubadwa kwa Bandicoot

Imfa za ku Kozhikode zinasiya funso m'mitima ya akuluakulu a boma la Kerala: kodi palibe makina amene angagwire ntchito imeneyi? Mu 2017, kudzera mu bungwe la boma lothandiza makampani ongoyamba kumene la Kerala Startup Mission, anyamata aja a chovala chachitsulo anaitanidwa n'kufunsidwa ngati angapange loboti yoyeretsa maenje a suweji. Anavomera. Anasiya ntchito zawo za malipiro a pamwezi, anasamukira ku likulu la chigawocho, Thiruvananthapuram, ndipo analembetsa kampani ya Genrobotic Innovations, imene anthu amangoitchula kuti Genrobotics. Vimal Govind ndiye anakhala mkulu wake. Bungwe loona za madzi la Kerala Water Authority, mwini wake wa mipope ya suweji, linagwirizana nawo kuti aziyeserera m'maenje ake.

Chisankho chimenechi sichinali chopepuka. Mnyamata amene waphunzira uinjiniya ku India amayembekezeka kukhala muofesi yozizira ku Bengaluru kapena kupita kunja, ndipo makolo ake amakhala atagulitsa zambiri kuti afike pamenepo. Kusiya zimenezo n'kumakaima m'mbali mwa dzenje lonunkha, pa ntchito imene anthu amaiona ngati yodetsa, kunafuna mtima wolimba. Kunafunanso kudzichepetsa, chifukwa m'mabuku a kukoleji munalibe zimene ankafuna kudziwa. Maenje a suweji a ku India ndi osiyanasiyana: ena ndi ozungulira, ena a makona anayi, ena opapatiza pakamwa koma otakasuka pansi, ena a njerwa zakale zogumukagumuka. Odziwa zonsezi anali anthu otsikamo aja. Mainjiniya anayenera kuonerera mmene munthu amaimira m'dzenje, mmene amatambasulira miyendo kuti asaterereke, mmene amapalira matope ndi dzanja limodzi n'kuwathira m'chidebe. Loboti imene anapanga inatengera mayendedwe a thupi la munthu ameneyo.

Dzina analitenga kwa khoswe wamkulu wa ku India wokhala m'ngalande ndi m'mauna, wofananako ndi bwampini wa kwathu kuno. Makinawo ali ndi zigawo ziwiri. Choyamba ndi chimango cha matayala chimene amachikankha n'kuchiimika pamwamba pa dzenje. Chimangochi chimanyamula chivundikiro chachitsulo chija, chimene kale chinkathyola misana ya anthu pochitsegula ndi mgwala. Chachiwiri ndi loboti yeniyeniyo, imene imatsika pa chingwe mpaka mamita 10 ngati dzenjelo ndi lakuya choncho. Ikafika pamalo oyenera imatambasula miyendo yake inayi n'kuponda m'makoma kuti ikhazikike. Kenaka mkono wake, umene umatha kuzungulira mbali zonse, umapala matope, miyala ndi zinyalala n'kuziika m'chidebe, chidebecho n'kukwera kukakhuthula pamwamba.

Maso a loboti ndi makamera osalowa madzi, otha kuona mumdima, amene amatumiza zithunzi pa sikirini ya woyendetsa. Mphuno yake ndi tizipangizo toyeza mpweya, timene timachenjeza mpweya wakupha ukachuluka. Vuto la methane linawaphunzitsa chinthu china: mota yamagetsi ikhoza kuthetheka moto n'kuphulitsa dzenje lonse. Choncho ziwalo za loboti yotsika pansi anazipanga kuti ziziyenda ndi mphamvu ya mpweya wopopedwa. Ndipo poti ankafuna kuti woyendetsa akhale munthu yemwe uja ankatsika, amene mwina sukulu sanapite nayo patali, anachepetsa mabatani n'kupanga chowongolera chosavuta kuphunzira.

Pasanathe chaka loboti yoyamba inali itakonzeka. Mu Febuluwale 2018 nduna yaikulu ya Kerala, Pinarayi Vijayan, inakhazikitsa Bandicoot ku Thiruvananthapuram. Ntchito imene inkatengera amuna angapo maola ambiri, lobotiyo inkaitha pa mphindi makumi angapo, popanda phazi la munthu kuponda m'dzenje. Pa nthawiyi Vimal ndi anzakewo anali asanakwanitse zaka 30.

Kutuluka m'Kerala

Mbiri inafala msanga. M'chaka chomwecho tauni ya Kumbakonam m'chigawo cha Tamil Nadu inalandira Bandicoot. Pa 2 Okutobala 2018, tsiku lokumbukira kubadwa kwa Mahatma Gandhi, mtundu wachiwiri wa lobotiyi unaonetsedwa ku New Delhi pamsonkhano waukulu wa zaukhondo umene kunali nduna yaikulu ya India, Narendra Modi, ndi mlembi wamkulu wa United Nations, António Guterres. Mu 2019 mzinda wa Gurugram, pafupi ndi Delhi, unagula yake, ndipo m'zaka zotsatira maloboti amenewa anafika m'zigawo zoposa khumi. Ena anagulidwa ndi makhonsolo, ena ndi makampani akuluakulu pa ndalama zimene lamulo la India limawakakamiza kupatula kuti zithandize anthu.

Ndalama zimene zinasowa pa chovala chachitsulo zinabwera chifukwa cha suweji. Mu 2020 Anand Mahindra, mkulu wa kampani yopanga galimoto ndi mathirakitala ya Mahindra, anaika ndalama zake mu Genrobotics. Mu 2022 kampani ya mapulogalamu a kompyuta ya Zoho inaikamo ma rupee 200 miliyoni. Nalo boma la dziko linayamba kulankhula za makina: mu Novembala 2020 linayambitsa mpikisano wa mizinda wolimbikitsa kuyeretsa suweji ndi makina, kenaka linakhazikitsa ndondomeko ya NAMASTE yolembetsa ogwira ntchitoyi, kuwaphunzitsa ndi kuwathandiza kupeza zipangizo. Mu Febuluwale 2023 nduna ya zachuma, Nirmala Sitharaman, polengeza ndondomeko ya chuma, inalonjeza kuti mizinda yonse ithandizidwa kuti suweji ndi mathanki a zimbudzi ziziyeretsedwa ndi makina okhaokha. Mwezi womwewo Bandicoot inayamba ntchito m'tauni ya Guruvayur, ndipo boma la Kerala linalengeza kuti maenje onse a suweji amene akugwira ntchito m'chigawocho aziyeretsedwa ndi maloboti.

Nacho chovala chachitsulo chija sichinatayike. Nzeru zimene anazipeza pochipanga anazigwiritsa ntchito pa makina ena otchedwa G Gaiter, othandiza mafizo a anthu amene anafa ziwalo chifukwa cha sitiroko kapena kuvulala kwa msana. Wodwala amamangiriridwa bwino kuti asagwe, miyendo yachitsulo n'kumayendetsa miyendo yake pang'onopang'ono mobwerezabwereza, kuti ubongo ndi minofu ziphunzirenso kuyenda. Chimene chinayamba ngati chonyamulira katundu wa asilikali chinathera m'chipatala, kuimiritsa odwala.

Zimene loboti singathe

Kunena zoona pa nkhaniyi n'kulemekeza amene akufabe. Boma la India linauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu 377 anafa poyeretsa suweji ndi mathanki a zimbudzi kuyambira mu 2019 mpaka mu 2023, zaka zomwezo zimene Bandicoot inali kufala. Mu Okutobala 2023 Khoti Lalikulu linakweza chipukuta misozi kufika pa ma rupee 3 miliyoni ndi kulamulanso maboma kuti athetseretu mchitidwewu. Ndipo mu Julaye 2024, mumzinda womwe uja wa Thiruvananthapuram kumene kuli likulu la Genrobotics, waganyu wina amene ankachotsa zinyalala m'ngalande ya Amayizhanjan, pafupi ndi siteshoni ya sitima, anakokoloka ndi madzi a mvula n'kulowa kunsi kwa njanji. Makina a Genrobotics anabwera kudzathandiza kumufunafuna, koma thupi lake linapezeka patatha masiku awiri. Makina anafika munthu atalowa kale.

Zifukwa zake n'zingapo. Choyamba ndi kuchuluka kwa ntchito. Maenje a suweji m'mizinda ya India ndi osawerengeka, pamene maloboti ndi mazana chabe, ndipo imodzi imagulidwa pa ma rupee mamiliyoni angapo. Kwa kontrakitala wosaopa lamulo, waganyu wa tsiku limodzi ndi wotsika mtengo kuposa makina. Chachiwiri, Bandicoot inapangidwira dzenje lotsika choongoka. Mipope yopingasa pansi pa msewu imafuna galimoto zopopera madzi mwamphamvu ndi zoyamwa matope, ndipo m'tinjira topanikizika ta m'madera osauka galimoto zazikulu sizilowa. Chachitatu, nyumba zambiri ku India sizinalumikizidwe ku suweji n'komwe. Zimadalira mathanki a pansi, ndipo imfa zambiri zimachitikira m'mathanki amenewa, kumafakitale, kumahotela ndi m'nyumba za anthu, kumene khonsolo siona. Ndondomeko ya Swachh Bharat, imene inayamba mu 2014, inamanga zimbudzi zoposa 100 miliyoni malinga ndi boma, ndipo maenje ndi mathanki a zimbudzi zimenezi adzafuna wozipopa. Chachinayi, makina amafuna wowakonza, zipangizo zosinthira ndi malipiro a woyendetsa. Khonsolo ikagula loboti pofuna kuoneka bwino pa tsiku lokhazikitsa, koma osapatula ndalama zoisamalira, lobotiyo imaima, munthu n'kubwereranso m'dzenje.

N'chifukwa chake ntchito ya Vimal iyenera kuonedwa pamodzi ndi ya ena. Ku IIT Madras, Pulofesa Prabhu Rajagopal ndi ophunzira ake anapanga makina otchedwa HomoSEP, amene amavundula matope olimba a m'thanki ya chimbudzi kuti apopeke popanda munthu kulowamo, ndipo pokonza makinawo anagwira ntchito limodzi ndi gulu la Safai Karamchari Andolan. Mu 2019 boma la Delhi linatulutsa galimoto zing'onozing'ono 200 zoyeretsera suweji, zotha kulowa m'tinjira topapatiza, ndipo linakonza zoti eni ake akhale ogwira ntchitoyi ndi mabanja a amene anafera m'maenje. Palibe makina amodzi amene angasenze vuto lonseli.

Makina m'manja mwa ndani

Pali funso lina lozama kuposa la mtengo. Genrobotics imaphunzitsa anthu amene ankatsika m'maenje kuti akhale oyendetsa maloboti. Munthu amene dzulo ankatuluka m'dzenje thupi lonse lili matope a chimbudzi, lero amavala yunifolomu, amaima pamsewu, amagwira chowongolera, ndipo madzulo amabwerera kwa ana ake ali wamoyo ndi waukhondo. Kusintha kumeneku n'kwakukulu, ndipo woyenera kukuyeza ndi mkazi amene kale ankadikira pakhomo osadziwa ngati mwamuna wake abwera. Kukanakhala kulakwa koopsa kupanga makina amene akanalanda anthuwa ngakhale kakhobidi kochepa kamene ankapeza, n'kupereka ntchito yoyerayo kwa ena.

Komabe pali ena amene amafunsa kuti: ngati woyendetsa loboti ndi mwana wa wopala zimbudzi, ndipo mdzukulu wakenso adzakhala woyendetsa loboti, kodi unyolo womanga banja limodzi ku zonyansa za anthu ena waduka? Omenyera ufulu wa a Dalit amafuna kuti mabanjawa apatsidwe mwayi wa sukulu, malo ndi ntchito zina, kuti kuyeretsa mzinda ikhale ntchito imene munthu wa gulu lililonse angaisankhe chifukwa malipiro ake ndi abwino, monga mmene munthu amasankhira kukhala makaniko kapena dalaivala. Maganizo awiriwa sakutsutsana. Loboti imachotsa imfa ndi kudetsedwa kwa thupi, zimene kwa nthawi yaitali zakhala chowiringula cha osala anzawo. Kuchotsa tsankho lenilenilo ndi ntchito ya makhoti, masukulu, mabanja ndi mitima ya anthu.

Nkhaniyi ikutikhudza nafenso, chifukwa m'matauni athu muli anthu amene amapopa zimbudzi zodzaza ndi kutsegula mapaipi otsekeka, ambiri opanda magolovesi kapena majombo, ndipo mipweya ya m'dzenje ndi yomweyo kulikonse. Makina oyenera kwathu mwina sangafanane ndi Bandicoot, poti zimbudzi zathu zambiri ndi zokumba. Chimene tingatengeko ndi njira imene anyamatawa anatsata. Anayamba ndi makina a m'maloto awo, kenaka anamva za anthu amene akufa, anapita kukaima nawo m'mbali mwa dzenje, anaphunzira kwa iwo, n'kupanga chida choti anthu omwewo achigwire. Boma la chigawo chawo linachitanso mbali yake: linaitana achinyamata, linawapatsa vuto lenileni, malo oyeserera ndi msika woyamba.

Vimal Govind ndi anzake akadali achinyamata, ndipo kampani yawo ikupitiriza kupanga makina ena olowa m'malo oopsa, monga m'mathanki a mafakitale oyenga mafuta. Mphoto ndi ndalama zimene alandira zikusonyeza kuti anthu awakhulupirira. Koma muyeso weniweni wa ntchito yawo, ndi wa dziko lawo lonse, ndi chiwerengero chimene boma limapereka ku Nyumba ya Malamulo cha anthu ofera m'maenje chaka ndi chaka. Chiwerengero chimenecho chiyenera kufika pa ziro. Kuti zitero pafunika makhonsolo ogula makina n'kuwasamalira, apolisi ndi makhoti olanga aliyense wotsitsa munthu m'dzenje, eni nyumba okana waganyu wotchipa n'kuitana galimoto yopopa, ndiponso mainjiniya ena ambiri achinyamata ololera kupereka luso lawo pa ntchito zimene anthu amazinyansidwa nazo.